Kamera m'chipululu: wojambula ayambe wapempha

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse, anthu pafupifupi 70,000 amakamanga mzinda m'chipululu cha Black Rock ku Nevada, m'dziko la America, amakhalamo sabata imodzi, kenako amaupasula n'kusiya malowo ali mbee. Chikondwerero chimenechi, chotchedwa Burning Man, ambiri a ife timachidziwira m'zithunzi zokha: ziboliboli zazitali zitaima pakati pa fumbi loyera, magalimoto osandulizidwa nsomba kapena ngalawa, anthu ovala zachilendo akuvina dzuwa likutuluka. N'chifukwa chake zimadabwitsa kumva kuti chikondwerero chimene chinatchuka chifukwa cha kamera ndicho chimene chimaikira kamera malamulo okhwima kuposa zikondwerero zambiri. Ine ndikuona kuti okonza chikondwererochi akulondola pa mfundo yaikulu, yakuti munthu wojambulidwa ali ndi mawu pa chithunzi chake, ngakhale njira imene anasankha yotetezera mfundoyo ili ndi pothera pake. Ndikuonanso kuti malamulo awo sayenera kuikidwa m'thumba limodzi ndi mapangano amene oimba otchuka amasainitsa ojambula zithunzi, ngakhale papepala amaoneka ngati pachibale.

Kuti mkanganowu umveke bwino, tiyenera kudziwa kaye kuti malowa ndi otani. Mu 1986 Larry Harvey ndi mnzake Jerry James anatentha chiboliboli chamatabwa cha munthu pagombe la Baker Beach ku San Francisco. Mwambowo unakula chaka ndi chaka mpaka mu 1990, pamene apolisi anakaniza kuti moto uyatsidwe pagombepo, ndipo chaka chomwecho chibolibolicho chinanyamulidwa kupita kuchipululu. Pamene mzindawu umamangidwa, pomwe eni ake amapatcha playa, ndi pansi pa nyanja yakalekale ya Lahontan imene inaphwa zaka masauzande apitawo. Palibe mtengo, palibe udzu, palibe madzi, ndipo malowo ndi a boma, oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management, imene imapereka chilolezo choti anthu asonkhanepo. Mu mzindamo simugulitsidwa kanthu kupatula ayezi. Chakudya, zakumwa, nyimbo ndi zaluso zimabwera ndi anthu omwewo amene agula matikiti, ndipo zimagawidwa ulere. Bungwe lokonza chikondwererochi sililemba ganyu oimba oti akope anthu. Nyimbo zimachokera m'misasa ya anthu ndi pamagalimoto onyamula zimkuzamawu amene amayendayenda usiku wonse. Mu 2004 Harvey analemba mfundo 10 zofotokoza chikhalidwe cha mzindawu, ndipo zinayi mwa izo zimamukhudza wojambula mwachindunji: kupatsana mphatso popanda kuyembekezera malipiro, kukana kusandutsa chikondwerero kukhala malonda, kutenga nawo mbali m'malo mongoonerera, ndi kuika mtima wonse pa zimene zikuchitika nthawi yomweyo.

Ndinene msanga kuti sindigwirizana ndi amene amati kamera izitsala kunyumba. Zaluso zambiri za kuchipululuko zimapangidwa kuti zipse. Chiboliboli cha munthu chimayatsidwa Loweruka usiku, ndipo Lamlungu usiku amatentha kachisi wamatabwa, mwambo umene unayamba mu 2000 pamene David Best ndi anzake anamanga kachisi woyamba. Mu 2014 gulu lina linamanga chosema cha anthu awiri okumbatirana, chotalika mamita oposa 20, chimene munthu ankatha kulowa m'kati mwake n'kukwera mpaka kumutu, ndipo ntchito ya miyezi yambiriyo inasanduka phulusa m'mawa umodzi. Chimene chimatsala pa ntchito zoterezi ndi zithunzi basi. Ngakhale zimene sizitenthedwa zimadalira kamera kuti zifike kutali. Chosema cha Alexander Milov wa ku Ukraine cha mu 2015, choonetsa akuluakulu awiri opangidwa ndi waya atafulatirana, m'kati mwawo muli ana awiri akutambasulirana manja, anachiona ndi maso m'chipululumo ndi anthu a sabata imodzi yokha, koma chinafika kwa anthu mamiliyoni chifukwa panali ena amene anachijambula kukuda, anawo akuwala. Pamene nyumba yoonetsera zaluso ya Renwick Gallery ya ku Washington inakonza chionetsero cha zaluso za Burning Man mu 2018, zithunzi ndi mafilimu zinali pakati pa zimene zinafotokoza mbiri imene moto unali utadya kale.

Kuno ku Africa tili ndi umboni wowawa kuposa umenewu. Chikondwerero cha nyimbo cha Festival au Désert ku Mali, chimene chinayamba mu 2001 ndipo kwa zaka zingapo chinkachitikira pamchenga wa ku Essakane kumadzulo kwa Timbuktu, chinkasonkhanitsa oimba ngati Ali Farka Touré ndi gulu la Tinariwen pamodzi ndi alendo ochokera kutali. Chinachitika komaliza mu Januwale 2012, nkhondo inabuka, ndipo magulu a zida amene analanda kumpoto kwa dzikolo analetsa nyimbo. Mwana wa ku Timbuktu wobadwa pambuyo pake akafuna kudziwa kuti makolo ake ankavina chiyani pamchengapo, amadalira ntchito ya munthu amene pa nthawiyo mwina ankaoneka ngati wosokoneza ndi kamera yake.

Komanso ntchito yojambula ku Black Rock si yamasewera. Fumbi la pa playa ndi losalala kwambiri, lili ndi mchere woluma umene umang'amba khungu la kumapazi ndi kuchititsa zitsulo dzimbiri, ndipo limalowa pakampata kalikonse. Odziwa ntchitoyi sasintha lenzi (galasi la kutsogolo kwa kamera) panja. Amakulunga kamera m'pulasitiki, amamata tepi m'mipata, ndipo ambiri amanyamula makamera awiri kuti asatsegule ngakhale imodzi. Masana kutentha kumafika madigiri 38, kuwala kumathobwa m'maso ndipo nkhope za anthu zimatuluka ndi mithunzi yakuda bii, choncho zithunzi zabwino zimapezeka mbandakucha ndi madzulo, zomwe zikutanthauza kuti wojambula amagona masana m'tenti yotentha ngati wagona n'komwe. Usiku amalimbana ndi malawi a moto ndi magetsi amitundumitundu amene amasintha kamera isanakonzeke, ndipo mphepo ya fumbi ikakuntha munthu saona ngakhale njinga imene wakwera. Tikiti yokha mu 2023 inali madola 575, osawerengera ulendo, madzi, chakudya ndi ndalama zokatsukitsa kamera pobwerera. Munthu amene wavutika chonchi akabwerako ndi chithunzi chokongola, n'zomveka kuti amachiona kuti ndi chake, ndipo samva bwino wina akamamuuza kumene angachiike ndi kumene sangachiike.

Vuto ndi lakuti m'chithunzimo kawirikawiri mumakhala munthu wina, amene nayenso analipira madola 575 omwewo, anapuma fumbi lomwelo, ndipo sanapite kumeneko kukagwirira ntchito wojambula. Anthu amapita kuchipululu kukachita zimene sangachite kwawo. Mphunzitsi, loya kapena namwino amavala zimene sangayerekeze kuvala kuntchito, ena amavula zonse, ena amavina mpaka kugwa, ena amalira pagulu koyamba m'moyo wawo. Amatero chifukwa chokhulupirira kuti owaona ndi okhawo amene ali nawo pamalopo, anthu amene nawonso avula ulemu wa kuofesi. Chithunzi chikachoka pa playa chimakafika kwa anthu amene sanali nawo pa mgwirizanowo: abwana, apongozi, ana a m'kalasi, wolemba ntchito wa zaka zisanu zikubwerazi. Mzindawu umatchuka chifukwa chotolera kachinyalala kalikonse, ngakhale kachidutswa ka ndudu kapena kanthenga, mpaka akuluakulu a boma atabwera kudzayendera n'kuvomereza kuti malo ayera, koma palibe gulu lotolera zinyalala limene lingakachotse chithunzi chimene chafalikira pa intaneti.

Zimenezi si zongoganizira. Mu 2002 okonza Burning Man anasumira kampani ya Voyeur Video chifukwa chogulitsa makaseti a amayi osavala amene inawajambula pachikondwererocho iwo osadziwa. Mlandu umenewu ndiwo umandithandiza kumvetsa chifukwa chake malamulo a kumeneko anakhwima chonchi. Malamulo a dziko la America amapereka ufulu waukulu kwa munthu wojambula pamalo a anthu onse, ndipo mayi amene wajambulidwa m'chipululu cha boma sangadalire kwambiri khoti, makamaka ngati sakudziwa ngakhale dzina la amene anamujambula. Chida chimene bungwe lokonza linali nacho m'manja ndi tikiti. Aliyense wogula tikiti amavomera kuti zithunzi zake ndi zoti asunge yekha ndi kugawana ndi anzake, kuti sangazigwiritse ntchito pa malonda popanda chilolezo cholembedwa, ndi kuti bungwelo lili ndi gawo pa umwini wa zithunzizo kuti lithe kulamula kuti zichotsedwe pamene zagwiritsidwa ntchito molakwika. Atolankhani ndi ojambula a ntchito amalembetsa pasadakhale, amafotokoza zimene akufuna kuchita, ndipo akafika amakalandira chizindikiro chomangirira pakamera kumsasa wotchedwa Media Mecca, kuti aliyense wowaona adziwe kuti chithunzicho chikhoza kupita kutali. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo limene limanenedwa mobwerezabwereza kuyambira pachipata: funsani musanajambule munthu.

Pamalo pamene lamuloli limayesedwa kwambiri ndi m'kachisi. Sabata yonse anthu amalemba pamatabwa ake mayina a abale amene anamwalira, amapachika zithunzi zawo, makalata amene sanatumizidwe, zovala za ana, ndipo ena amasiyamo phulusa la mitembo. Kwa wojambula, malo amenewa ali ndi zonse zimene diso limafuna, kuwala kolowera m'mipata ya matabwa osemedwa ndi nkhope zodzala chisoni chenicheni. Ndi pomwepa pamene ndimaona kuti luso likhoza kukhala nkhanza. Kwathu munthu sulowa pakhomo pa mnzako osanena odi, ngakhale chitseko chili chotsegula ndipo ukuona zonse za m'nyumbamo, chifukwa kutseguka kwa chitseko sikukupatsa chilolezo. Bambo amene akulira mwana wake m'kachisi wa m'chipululu watsegula chitseko chifukwa alibe mphamvu zotsekera, ndipo wojambula amene amamuyandikizira lenzi yaitali ali patali walowa m'nyumba popanda mwini wake kudziwa.

Ojambula ambiri amayankha kuti kufunsa kumapha chithunzi. Munthu akadziwa kuti akujambulidwa amawongoka, amamwetulira mokakamiza, ndipo kamphindi kamene kanali ndi moyo kamathawa. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo sindikufuna kuipeputsa, chifukwa zithunzi zambiri zimene timazilemekeza m'mbiri ya kujambula zinajambulidwa anthu osadziwa. Koma kufunsa sikuyenera kukhala kwa pakamwa nthawi zonse, ndipo sikuyenera kuchitika chithunzi chisanajambulidwe nthawi zonse. Pakati pa phokoso la zimkuzamawu, kukweza kamera n'kuyang'anizana ndi munthu m'maso kumakwana, chifukwa amene sakufuna amapukusa mutu kapena kutembenuka. Kamphindi kakabwera mwadzidzidzi, wojambula akhoza kujambula, kenako n'kupita kwa munthuyo, kumuonetsa chithunzicho pakamera, kumuuza kumene chipite, ndi kuchifufuta pomwepo ngati wakana. Palibenso amene akunena kuti wojambula khamu la anthu masauzande atazungulira moto afunse mmodzimmodzi. Nkhani ili pa chithunzi chimene mutu wake ndi munthu mmodzi wozindikirika, makamaka akakhala wosavala, woledzera kapena wolira. Akuluakulu anati kupempha si kuba, ndipo chimene wojambula amataya popempha ndi zithunzi zochepa zokha za anthu amene akanakana, zomwe ndi zithunzi zimene sanayenere kukhala nazo kuyambira pachiyambi.

Chitsutso cholemera kuposa chimenechi chinachokera kwa bungwe la Electronic Frontier Foundation, lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti, limene mu 2009 linadzudzula Burning Man poyera. Dandaulo lake linali lakuti mawu a patikiti ankalola okonza chikondwerero kutenga umwini wa chithunzi cha munthu wina akangoona kuti chagwiritsidwa ntchito mwa njira imene iwo sanavomereze, kenako n'kugwiritsa ntchito malamulo a umwini kuchichotsa pa intaneti mwachangu. Mphamvu yotereyi, ngakhale itaperekedwa ndi cholinga chabwino, ikhoza kutseka pakamwa wodzudzula mofanana ndi mmene imatsekera wogulitsa zithunzi zamaliseche. Pamenepa ndikugwirizana ndi odzudzulawo, ndipo bungwe la Burning Man lenilenilo linafewetsa mawuwo pambuyo pake. Mzinda wa anthu 70,000 uli ndi ngozi, milandu, apolisi ndi zosankha zolakwika za akuluakulu ake, ndipo zonsezi ziyenera kujambulidwa ndi kufalitsidwa popanda kupempha chilolezo kwa amene akukhudzidwa. Chaka cha 2023 chinaonetsa zimenezi poyera: mvula itagwa kumayambiriro kwa Seputembala, playa inasanduka matope, misewu inatsekedwa, anthu anauzidwa kuti asamale chakudya ndi madzi, ndipo chiboliboli chinatenthedwa Lolemba m'malo mwa Loweruka. Kunja kunafalikira mphekesera yabodza yoti kwabuka Ebola, ndipo zimene zinathandiza abale a anthuwo kudziwa zoona ndi zithunzi ndi mavidiyo a anthu wamba amene anali m'matopemo. Malire ndiwo ayenera kuoneka bwino: lamulo liteteze nkhope ya munthu wamba, koma lisatchinjirize mbiri ya bungwe.

Malire omwewa ndiwo amasiyanitsa chipululu ndi bwalo la zoimbaimba. Pamakonsati akuluakulu pali mwambo wodziwika kwa wojambula aliyense: amaloledwa kulowa m'kampata ka pakati pa nsanja ndi anthu pa nyimbo zitatu zoyamba zokha, osayatsa fulashi, kenako amatulutsidwa. Mwambo umenewu ndilibe nawo mlandu waukulu. Fulashi imathobwa woimba, ojambula khumi ndi awiri oyendayenda kutsogolo amatchinga anthu amene anafola kuyambira masana kuti akhale pafupi, ndipo mphindi 10 kapena 15 zimakwana kwa munthu wodziwa ntchito yake, ngakhale aliyense akudziwa kuti thukuta lenileni ndi zodabwitsa za usikuwo zimabwera kumapeto. Mlandu uli pa mapepala amene ojambula amasainitsidwa asanalowe. Mu 2015, woimba Taylor Swift atalembera kampani ya Apple kalata yodandaula kuti oimba sayenera kugwira ntchito ulere, wojambula wa ku Britain Jason Sheldon anamuyankha poyera kuti mgwirizano wa paulendo woimba wa Swift unkachita zomwezo kwa ojambula: chithunzi chigwiritsidwe ntchito kamodzi kokha ndi nyuzipepala, pamene mbali ya woimbayo ili ndi ufulu wochigwiritsa ntchito mpaka kalekale osalipira. Nyuzipepala ya Irish Times inakana kujambula makonsati ake ku Dublin, ndipo patapita milungu yochepa mgwirizanowo unasinthidwa. Chaka chomwecho nyuzipepala ya Washington City Paper inakana mgwirizano wa gulu la Foo Fighters, ndipo nyuzipepala ya Le Soleil ya ku Québec inatumiza wojambula ndi pensulo m'malo mwa wa kamera.

Wina akhoza kunena kuti Burning Man nayo imatenga gawo pa umwini wa zithunzi, ndiye kusiyana kuli pati? Kusiyana kuli pa amene akutetezedwa. Woimba ali pansanja wabwera kudzaonedwa, walipidwa chifukwa choonedwa, ali ndi maloya ndi omuyankhulira, ndipo mgwirizano umene amasainitsa wojambula umachotsa ndalama m'thumba la munthu wosauka n'kuziika m'thumba la wolemera, kwinaku ukutsekereza chithunzi chilichonse chimene sichikumukometsa. Kuchipululu munthu amene ali m'chithunzi sanalipidwe, alibe loya, ndipo nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti wajambulidwa. Ngakhale DJ wotchuka amene akusewera nyimbo pamwamba pa galimoto mbandakucha, kwa ola limenelo akupereka mphatso, ndipo khamu limene likuvina pansipa ndilo chionetsero chenicheni chimene makamera amalunjika. Pakonsati wojambula ndi wofooka amene ayenera kutetezedwa kwa wamphamvu, pamene kuchipululu wojambula ndiye wamphamvu, chifukwa ndi iye amene amachoka ndi chinthu chimene chingapweteke mnzake.

Pali mtundu wina wa kujambula umene suvulaza munthu mmodzi koma umadyera masuku pamutu mzinda wonse. Instagram itakula, kunayamba kubwera anthu amene ntchito yawo ndi kuonetsa zovala, magalasi a dzuwa kapena zakumwa za makampani, akuima patsogolo pa chosema chokongola, kujambulitsa, n'kuika dzina la kampani pansi pa chithunzi. Mu 2019 mkulu wa bungwe la Burning Man, Marian Goodell, analemba poyera kudandaula za khalidweli pamodzi ndi misasa imene imagulitsa ulendo wonse kwa olemera ngati hotela, ndipo msasa umodzi wotere unaletsedwa kubwereranso. Ena anaona ngati ndi nsanje kapena kudzikonda kwa akale. Ine ndikuona kuti ndi nkhani ya chilungamo chosavuta kumva. Chosema chimene chili kumbuyo kwa wojambulitsayo chinamangidwa ndi anthu amene anapemphetsa ndalama, anawotcherera zitsulo miyezi yambiri osalipidwa, anachinyamula pamalole mpaka kuchipululu n'kuchipereka kwa aliyense ulere. Wotsatsa malonda akachigwiritsa ntchito ngati khoma lokongoletsa chithunzi chake, iye amalandira ndalama, kampani imapeza makasitomala, ndipo mmisiri satchulidwa ngakhale dzina. Wojambula aliyense wolemekeza ntchito ya mnzake ayenera kufufuza dzina la chosema ndi la wochipanga n'kulilemba pansi pa chithunzi, ngakhale chithunzicho chikungopita kwa anzake pa Facebook.

Patsala funso la mafoni a m'manja, limene limakhudza aliyense wopita kukaonera oimba, kaya ndi m'chipululu kapena m'holo. Oimba ena, monga Jack White ndi Bob Dylan, amatseketsa mafoni a anthu m'timatumba ta kampani ya Yondr mpaka konsati itatha, ndipo amene amakonda njira imeneyi amati foni imabera munthu chisangalalo chimene walipira. Kafukufuku sakuwavomereza kwathunthu. Linda Henkel wa ku Fairfield University anapeza kuti ophunzira amene anayendera nyumba yosungiramo zaluso ankakumbukira zochepa za zinthu zimene anazijambula poyerekeza ndi zimene anangoziyang'ana, koma vutolo silinkaoneka akajambula moyandikiza mbali imodzi ya chinthucho, chifukwa pamenepo ankachita kuyang'anitsitsa. Mu 2016 Kristin Diehl, Gal Zauberman ndi Alixandra Barasch anapeza kuti kujambula kumatha kuwonjezera chisangalalo popeza kumamulowetsa munthu m'zimene zikuchitika, koma ofufuza omwewa anapezanso kuti chisangalalocho chimachepa munthu akamajambula ndi cholinga choonetsa ena, chifukwa maganizo amachoka pa nyimbo n'kupita pa mmene iye aonekere. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene aliyense amaona pakonsati. Amene wadikira mphindi imene woimba akweze dzanja kuti ajambule chithunzi chimodzi wamvetsera nyimboyo kuposa ambiri, pamene amene wakweza foni nyimbo yonse, akuyang'ana kagalasi kake ndi kutchinga a kumbuyo, wabwerera ndi vidiyo yogwedera ya phokoso imene sadzaionanso. Kuletsa mafoni onse kumalanga anthu awiriwa mofanana, ndipo sindikuona kuti n'kofunika kulikonse kumene anthu angathe kuuzana okha kuti foni itsike.

Chikhalidwe cha Black Rock chinafika kale kum'mwera kwa Africa. Kuyambira mu 2007, m'chipululu cha Tankwa Karoo ku South Africa mumachitika AfrikaBurn, chikondwerero chotsata mfundo zomwezi, ndipo eni ake anawonjezerapo ya nambala 11, yakuti aliyense aphunzitse mnzake. Kumenekonso ojambula a ntchito amalembetsa ndipo aliyense amauzidwa kuti apemphe asanajambule. Mfundo yowonjezerayo ndiyo imene ikugwira ntchito pa nkhani ya kamera, chifukwa palibe wapolisi amene angayang'anire foni iliyonse; chimene chimateteza anthu ndi mnzako wa mumsasa amene amakugwira pamkono n'kukufunsa ngati wapempha.

Kwathu ku Malawi tilibe chipululu, koma tili ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja kumene Lake of Stars yakhala ikusonkhanitsa anthu chiyambireni ku Chintheche mu 2004, ndi zikondwerero zina zimene zinabwera pambuyo pake. Aliyense amene ali pa WhatsApp akudziwa zimene zimachitika Lolemba la pambuyo pa chikondwerero: zithunzi za atsikana ovala zosambira kapena a anthu amene mowa unawagonjetsa zimazungulira m'magulu, anthu akuseka ndi kuweruza, ndipo palibe amene amafunsa kuti wojambulayo analoledwa ndi ndani. Ku Tumaini Festival, imene inayamba mu 2014 mumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa pakati pa khamu pamakhala anthu amene anathawa ku Congo, Burundi kapena Rwanda ndipo ena ali ndi zifukwa zomveka zosafunira kuti nkhope zawo zidziwike kumene ali. Woimba wa pansanja ya ku Dzaleka amafuna kujambulidwa, ndipo chithunzi chabwino chikhoza kumutsegulira makomo. Mayi amene wangoima pambali ndi mwana kumbuyo sanapemphe zimenezo. Okonza zikondwerero zathu safunika kutenga umwini wa zithunzi za anthu monga anachitira a ku Nevada, ndipo ndingawalangize kuti asatero. Zimene angatengereko ndi zotchipa: mzere umodzi patikiti ndi pachipata wonena kuti munthu sajambulidwa moyandikira popanda kuvomera, chizindikiro chooneka bwino pakamera ya aliyense wojambulira nyuzipepala kapena malonda, wolengeza pansanja amene amakumbutsa anthu zimenezi pakati pa oimba, ndi nambala ya foni imene munthu angaimbe Lolemba m'mawa akaona chithunzi chake patsamba la chikondwererocho n'kufuna kuti chichotsedwe.